Mudzi Wathu Aulemba Kuti Ndi Bwinja

Bissau, pa 3 Okutobala

Achemwali anga okondedwa, a Quinta,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse a m'nyumba mwanu. Ndikufuna kumva ngati chifuwa chija chinakusiyani, pakuti a Sabado, amene anabwera kuno kudzagulitsa mafuta a kanjedza, anandiuza kuti munatsokomola mwezi wathunthu. Ine ndilipo, kupatula bondo lakumanzere limene lasankha kukalamba msanga kuposa mwini wake. Denga likudonthanso pamwamba pa mabuku anga, ndipo mwini nyumba akulonjeza mokoma monga mwa chizolowezi chake.

Amene akukuwerengerani kalatayi asadumphe liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa nkhani ili m'munsiyi ndi yolemera.

Mukudziwa kuti boma lakonza zogawa mpunga kwa mabanja a m'zilumba amene minda yawo inalowedwa ndi madzi amchere. Mpungawo udzayamba kufika mu Febuluwale, ndipo adzalandira ndi okhawo amene mayina awo ali m'kaundula. Nditamva kuti kaundulayo watuluka, ndinavala jekete ndi kupita ku ofesi kukaona mayina a kwathu. Ndinawerenga masamba onse kawiri. Mudzi wa Ankarame mulibe.

Ndinakhala pabenchi masiku awiri ndisanaonane ndi kalaliki. Iye anandifotokozera kuti alembi anafikadi kwathu mu Ogasiti. Anapeza zitseko zomangidwa ndi zingwe, udzu wofika m'chiuno pabwalo, mafuwa ozizira, ndi nkhuku zingapo. Choncho analemba kuti mudziwo ndi bwinja. Ndinamuuza kuti mvula ikayamba mudzi wonse umaolokera ku kachilumba ka minda, makanda ndi nkhalamba zomwe, ndipo subwerera kufikira mpunga utakololedwa. Kuti amayi athu ankatero, amayi awonso ankatero. Anaseka, nandiyankha pamaso pa anthu:

"Ndiye madala, mumafuna tilembe nkhukuzo?"

Ndaphunzitsa ana a mumzinda uno zaka makumi atatu, ndipo wondiyankha chotero m'kalasi mwanga akanagwada pakhomo kufikira belu litalira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavula chipewa, ndinamutchula bwana, ndinapempha.

Tsiku lachitatu anandilowetsa kwa mkulu wake, mayi wofatsa wa ku Bolama amene akudziwako za makhalidwe a m'zilumba. Mayiyo analola kuti boti la alembi lidzaimenso kwathu kamodzi kokha, pa 17 mwezi uno, m'mawa madzi a m'nyanja akadzaza pagombe. Zopita ku minda anakana, ati kumeneko kuli miyala ndipo boti lawo silingakocheze. Ananenetsa kuti adzalemba nyumba yokhayo imene adzapeza mwini wake ataima pakhomo, moto ukuyaka m'kati. Mwezi ukatha kaundula adzatsekedwa, ndipo sadzatsekulidwanso chaka chino kapena chamawa.

Ndinafunsa ngati ndingathe kuimirira m'malo mwanu. Anakana, ndipo sindikuwaimba mlandu. Nyumbayo munamanga ndinu, monga amachitira akazi a kwathu, nkhokwenso ndi yanu. Ine ndine mlendo wokhala m'nyumba ya lendi ku Bissau.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 16 muoloke kubwerera kumudzi pamodzi ndi amayi onse eni nyumba. Mumasule zitseko, mulambule pabwalo, mukoleze moto, ndipo mugone komweko kufikira alembi atabwera ndi kuchoka. Uthengawu muufikitse nyumba iliyonse kumindako, angakhale kwa a Segunda amene simulankhulana nawo.

Chimene muyankhe ndikuchidziwa. A Sabado anandiuza kuti mpunga umene unapulumuka wayamba kucha, mpheta zachuluka kuposa chaka chatha, ndipo inu munanena kuti simungasiye mpunga umene mukuuona ndi maso chifukwa cha mpunga wa papepala. Mawuwo ndi anzeru, sindiwatsutsa. Koma zotsala m'mundamo sizidzakufikitsani ku mvula ikubwerayo, ndipo m'nyumba mwanu muli zidzukulu zinayi zimene sizinaphunzire kugona ndi njala.

Ndikudziwanso kuti anzanu adzasiya amuna awo pansanja kuti aziingitsa mbalame, pamene inu mulibe womusiya kuyambira pamene alamu anga a Domingos anamwalira, pakuti ana anu adzakhala akulondera minda ya akazi awo. Masiku atatu opanda mlonda, mpheta zidzakukololerani.

Chifukwa cha ichi ndidzakwera bwato la ku Bubaque pa 12, ndipo kuchokera kumeneko ndidzapeza asodzi ondiolotsa. Pansanja panu ndidzakhalapo ine, kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litalowa. Gulaye ndinamugwira komaliza ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kotero mundilukire wina wolimba ndipo mundiunjikire miyala m'dengu. Anthu akaseka poona mphunzitsi akukalipira mbalame, muwasiye aseke. Inu mukaime pakhomo panu ndi kutchula dzina lanu momveka.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa ana anu ndi akazi awo, kwa zidzukulu zonse, ndi kwa apongozi anu ngati makutu awo akumvabe. Mulungu akusungeni kufikira tionane.

Ine mlongo wanu,
Teodoro Banca