Kadontho pa Bwalo Lakale

Lolemba, 2 Juni

Bambo abwera ndi nzeru zatsopano. Kuntchito kwawo, kosungira matayala, wina wawauza kuti nambala zonse za pabanja zikhoza kulowa mu akaunti imodzi. Bandulo imodzi, bwana mmodzi. Bwanayo amaona mameseji angati mwana watumiza, ku nambala iti, ndiponso pamene ali pa mapu: kadontho koyenda. Lipoti Lamulungu lililonse. Akhozanso kutseka foni ya mwana ali khale pampando.

Vuto: magalasi awo anathyoka mwendo, zilembo n'zazing'ono. Aitana ndani? Ine. Mkaidi kumanga yekha ndende yake. Ndalowetsa nambala zinayi: Bambo, Amayi, Mtsikana, Mnyamata. Mayinawo asankha okha, ngati a pa zitseko za zimbudzi za kusukulu. Pasiwedi ndalembanso ine. Iwo angoti, "Tsopano uiwale." Ndati ndaiwala. Ndi tsiku langa lobadwa.

Achemwali atupa. "Iwe Bilimankhwe, wakondwa eti? Maso akowo apeza ntchito."

Lachitatu, 4 Juni

Nthawi yopuma, m'kalasi ndekha monga mwa masiku onse. Ndatsegula akaunti ija. Kungosuzumira.

Mtsikana: mameseji 212 m'masiku awiri, pafupifupi onse ku nambala imodzi yothera 47.

Mnyamata: atatu. Awiri a Amayi. "Ugule buledi." "Waiwala buledi." Inayo ya kampani ya mafoni, kundithokoza pokhala kasitomala wokhulupirika.

Ya Bambo sindinatsegule. Kaulemu kakadalipo.

Bambo akuopa kuti ndili ndi anzanga oipa. Akanadziwa! Ngakhale oipawo sandifuna.

Choopsa ndi Loweruka. Miyezi isanu tsopano ndikunena kuti ndimapita ku gulu lowerengera. Amayi amandipatsa mabisiketi oti tikagawane. Gululo ndi ine ndekha, pa sitepe yapamwamba ya bwalo la mpira lakale, kuseri kwa fakitale yotsekedwa. Mpira anasiya kalekale, pano anthu amaphunzirirapo galimoto. Pali bambo wina amaphunzitsa mkazi wake kubwerera m'mbuyo pakati pa miyala inayi. Ndimawaonerera maola atatu. Mabisiketi ndimagawana ndi nyerere.

Lamulungu mapu adzaulula zonse.

Lachisanu, 6 Juni

Ndachita. Masekondi khumi basi. Pa nambala yanga ndalemba Mtsikana, pa ya achemwali ndalemba Mnyamata. Bambo saloweza nambala. Yawo yomwe amachita kuwerenga pa kapepala komata kuseri kwa foni.

Ndadzimva wanzeru kwambiri mpaka atatibwezera mapepala a masamu. 9 pa 30.

Lamulungu, 8 Juni

Lipoti. Bambo pa sofa, foni kutali ndi nkhope ngati ikununkha. Ine pambali, kuwawerengera.

Mnyamata: 640. Anakhosomola. Amayi atalowa kukhitchini, anati chapansipansi, "Sukulu patsogolo, bambo. Koma wakula." Kunditcha bambo! Mpaka kundimenya paphewa. Zaka khumi ndi zisanu, chibwenzi changa choyamba, ndipo ndi mnyamata wa achemwali, wa nambala yothera 47 uja, wa ndevu zitatu.

Kenako Mtsikana. Mameseji asanu. Loweruka, maola atatu pa bwalo lakale. Kumwetulira konse zii.

"Mwana wamkazi, foni m'manja tsiku lonse, mameseji asanu? Ndiye kuti ali ndi ina. Nanga kutchire kuja amakatani?"

Achemwali analumbira kuti anali ku maphunziro a Loweruka, okonzekera mayeso. N'zoonadi. Analira. Sindinawaonepo akulira chifukwa chonena zoona.

Chigamulo: foni ya Mtsikana itsekedwe sabata yonse. Batani ndinadina ine, nkhope ili gwa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndangokumbukira lero kuti foni yotsekedwayo ndi yanga. Masiku awiri osazindikira, poti palibe chasintha. Andikumbutsa ndi Amayi: "Meseji yanga ya buledi sunaione?"

Achemwali andipanikiza pochapira. Foni yawo ikugwira bwinobwino, ndipo si opusa. "Kagalu iwe. Ukonze lero lomwe." Ndawafunsa kuti ndikakonza, 640 aja akhala a ndani. Afinya sopo m'manja.

Kenako, "Nanga iweyo kubwalo kuja umakakumana ndi ndani?"

Ndati palibe.

"Usandinamize."

Ndati palibe, achemwali.

Andiyang'ana nthawi yaitali. Bola akanandimenya mbama.

Lachinayi, 12 Juni

Bambo agula magalasi atsopano, a pamsewu. Andiitanira pakhonde, nkhani ya amuna okhaokha, poti ine tsopano ndine bambo. Loweruka awasiya achemwali apite. Bambowo atsatira kadontho. "Munthuyo ndimuone nkhope." Akapeza zomwe akuganiza, maphunziro a Loweruka athera pomwepo. Ndafunsa kuti nanga kadontho kakapanda kupita kubwaloko? "Ndiye kuti wina wamutsina khutu. Athabe."

Ndawaphunzitsa kukulitsa mapu ndi zala ziwiri. Mphunzitsi wabwino ine.

Mayeso a achemwali kwatsala milungu isanu. Akufuna unamwino. Masamu amawavuta ngati ine, n'za kumtundu, ndipo amene amawathandiza ndi mphunzitsi wa Loweruka yekhayo.

Achemwaliwo akuti tizisinthana mafoni, azipita ndi yanga. Ndawauza zotsina khutu zija. Aluma mlomo. Sanandipemphe kanthu. N'chimene chikundipweteka.

Zonsezi chifukwa choopa kuti Bambo aona mameseji anga atatu aja.

Lachisanu, 13 Juni

Mimba. Ndapita kuchimbudzi kanayi. Aphunzitsi a sayansi afunsa ngati ndadya zoola. Ayi, ndaphika ndekha.

Loweruka, 14 Juni

Ndinapita. Foni m'thumba, mabisiketi m'chikwama. Amayi pakhomo: "Uwapatse moni anzakowo."

Sitepe yapamwamba. Mayi uja ndi miyala yake. Itakwana 3 koloko, Bambo, atavala jekete ya kuntchito, akuyenda maso pa foni. Anatsala pang'ono kugunda mtengo wa golo. Anakwera masitepe akupuma ngati mvukuto. Anayang'ana foni, ine, kumbuyo kwanga, pansi pa masitepe.

"Ali kuti?"

"Mtsikana ndine, Bambo."

Ndinafotokoza. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako, "Nanga gulu lowerengera?" Ndinaloza nyerere.

Anakhala pansi, pa simenti yafumbi, ndi buluku lawo labwino. Pansipo mayi uja anagunda mwala wachiwiri, mwamuna wake manja kumutu. Bambo anati, "Akumukalipira kwambiri, n'chifukwa chake." Anatsegula mabisiketi. Anadya anayi.

"Ndiye 640 aja..." Ndinayang'ana nsapato. "Usayankhe. Nkhani imodzi patsiku."

Ndinkadikira ulaliki. M'malo mwake anandipatsa foni yawo. "Tsegula ya Bambo."

Mameseji asanu ndi awiri sabata yonse. Foromani. Amayi. Kampani ya mafoni, kuthokoza kasitomala wokhulupirika. Pa mapu, Lachisanu akaweruka, tsiku lomwe amati amakacheza ndi anzawo a kuntchito: maola awiri pa depoti ya mabasi.

"Pali benchi yabwino," anatero. "Umaona anthu akutsazikana. Amayi ako usawauze."

Ndinalephera kuwayang'ana. Mphuno zinayamba kutuluka madzi, ndinanamizira fumbi. Iwonso anati fumbi lachuluka chaka chino.

Chilango: foni yanga itsekedwe milungu iwiri. Atanena, tinayang'anana. Oyamba kuseka anali iwo.

Lachiwiri, 17 Juni

Mayina abwerera m'malo mwake. Bambo ndi achemwali anadzitsekera pabalaza ola lathunthu, ine khutu pa chitseko, sindinamve kanthu koma wailesi. Anayatsa dala. Akundidziwa tsopano.

Zotsatira: maphunziro a Loweruka apitirira. Nambala yothera 47 yatsekedwa mpaka mayeso atatha. Achemwali sakundilankhula. Amandidutsa ngati kabati.

Pasiwedi yasinthidwa. Alemba okha, magalasi pamphuno, ine atandiuza kuti nditembenuke. Ndinatembenukira kuwindo. Galasi la windo limaonetsa bwino. Ndi tsiku lobadwa la achemwali.

Sindilowamo. Ndalemba pano kuti ndikhale ndi mboni.

Lolemba, 23 Juni

"Bilimankhwe, sunthako, ukutseka njira." Alankhula! Anandiponyeranso pepala lawo lakale la masamu, lokhala ndi mayankho. 14 pa 30. Mtsogoleri wanga.

Loweruka, 28 Juni

Foni yatsegulidwa m'mawa uno. Ndayang'ana zomwe zadikira milungu iwiri. Kampani ya mafoni, kawiri.

Sindinapite kulikonse. Bodza linatha, ndiye ndinyamukire chiyani? Amayi sanandipatse mabisiketi. Angondigwira pamutu podutsa, ndiye kuti Bambo anaulula zanga n'kusunga zawo. Ndakhala pabedi ndi pepala la achemwali. Funso lachitatu anaphonya iwo, ndaphonyanso ine, njira yomweyo.

Foni yalira. Ndadzidzimuka mpaka pensulo yagwa. Si buledi.

Bambo. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha, poti batani losinthira sanalipezebe:

NDILI PA SITEPE. MAYI UJA WADUTSA MIYALA YONSE INAYI. MWAMUNA WAKE AKUVINA. NDAGULA MABISIKETI. ULI KUTI

Kadontho kanga akukaona. Ndinawaphunzitsa ndekha, ndi zala ziwiri. Akudziwa kuti ndili pabedi pano. Koma afunsabe.

Nsapato imodzi ndavala kale. Inayo ili kuti