Tiyamike wadzutsa mutu

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, thupi latopa, koma mtima uli mbee.

Ndinapita ku Chezi kukaona Tadala, wophunzira wanga wa ku yunivesite amene akuyeserera kuphunzitsa ana a vuto la kusamva. Njira yonse pa kabaza ndimangodandaula kuti anzanga akulemba za kafukufuku mu ofesi, ine ndikumeza fumbi m'mapiri.

M'kalasi mwake muli kamtsikana kosamva, Tiyamike. Nditamupatsa moni ndi manja, anagwada n'kuyang'ana pansi, moni wanga osauona. Tadala akuti kwawo amamukalipira akayang'ana akulu kumaso, ati ndi mwano. Nanga mwana womva ndi maso ukamuweramitsa, amva bwanji?

Tadala anali ataitana bambo ake a mwanayo, a Banda, tenanti wa fodya.

"Amayi, ine ndimamuphunzitsa ulemu," anandiuza. "Kusamvako n'kokwanira. Asadzanenedwenso kuti alibe mwambo."

Ndinakonza kukhosi kuti ndiwalalikire za m'mabuku, koma Tadala anayamba ndiye.

"Bambo, takhalani pansi apa, mumuyang'ane."

Anawaonetsa mmene amanenera "mwana wanga" ndi manja. A Banda anayesa, zala zolimba, n'kuphonya. Tiyamike anadzutsa mutu, naseka, kenaka anagwira zala za bambo ake n'kuzikonza, akuwayang'ana m'maso. A Banda sanamukalipire. Anangopukuta nkhope ndi chipewa.

Zikomo Ambuye chifukwa cha Tadala, ndiponso chifukwa chonditseka pakamwa.

Lipoti akulifuna Lolemba ku dipatimenti, sindinaliyambe n'komwe. Koma zala zija, kaya ndizilemba bwanji...