Utsi wa Uvuni Wanga

Lachinayi, kuno ku Machinjiri. Kwazizira, ndipo pakamwa pangapa pandiika m'mavuto.

Kunabwera mayi wa ku kampani imene imagula njerwa zanga. Akuti masiku ano amalemba kuchuluka kwa utsi wa aliyense wowagulitsa katundu. Anafunsa, "Agogo, uvuni umodzi umadya nkhuni zochuluka bwanji?"

Ine ndimayesa utsi wambiri ndiye umboni wa ntchito yaikulu. Ndinati, "Malole atatu, mayi! Ndikayatsa, a ku Ndirande amathamangira kukaanula zovala."

Zoona zake ndi lole imodzi, yosadzaza n'komwe.

Analemba osaseka. Kenako anati, "Mabwana akuti tizigula kwa a utsi wochepa okha."

Akazi anga akuti mawa ndikavomere kuti ndinanama. Zaka zonsezi palibe amene amakhulupirira nkhani zanga. Lero wapezeka mmodzi, ndiye akhale wa cholembera m'manja...