Dzina la Mwana Ndinapempha Kale

Labasa,
9 Ogasiti 1994

Okondedwa Bambo,

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda abusa a Peniasi. Ndikudziwa kuti dzina limeneli simufuna kulimva, koma chonde werengani mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikukhudza ubatizo wa mdzukulu wanu.

Anagwa ali pantchito, mpira wa ragibi utatsala pang'ono kutha, chinkuzamawu chili m'manja. Kumaliro osewera anachuluka kuposa a mpingo. Ine ndinakumba nawo manda.

Sindinaiwale tsiku lija munaimirira m'tchalitchi kwathu ku Koro, mutamva kuti abusa alengeza mpira pawailesi Lamulungu. Munati, "Pakamwa potchulira Yehova sipangakuwirenso mpira pa Sabata." Iwo anavula kolala yaubusa n'kuchoka pachilumba. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti bwalo limene ndimatchetcha udzu kuno ndi lomwe iwo ankalengezera. Tagwira limodzi zaka zinayi. Ankanditchula mwana wa woweruza wawo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati amakusungirani mkwiyo, anangoseka.

"Sekove? Iyayi! Ndikamalalikira ankasinza pampando wakutsogolo penipeni. Kuno sasinza munthu, ngakhale gogo wopanda mano."

Pepani, Bambo, ndi mmene ananenera.

M'kalata yapita ija ndinalemba kuti mkazi wanga Losalini wachira bwino. Sizinali choncho. Anataya magazi ambiri, ndipo anamwino anati ndipeze anthu opereka magazi tsiku lomwelo. Linali Lamulungu masana. Kutchalitchi ndinapeza anthu ataweruka kale. Ndinathamangira kubwalo, n'kukwera makwerero mpaka m'kachipinda ka abusa kolengezera. Ndinawauza za Losalini. Atamva, anandigwira dzanja n'kufuula mpira uli m'kati.

"Taimani kaye, anyamata inu! Magazi mukungothira paudzupawa akufunika kuchipatala. Mkazi wa Waisale, yemwe amakutchetcherani kuti muzigwera pofewa, ali pakati pa moyo ndi imfa. Inunso a mimba zikuluzikulu kumbuyoko musabisale, ndikukuonani!"

Anthu khumi ndi asanu ndi awiri anakwera lole ya nzimbe, ena matope ali thupi lonse. Losalini ali moyo chifukwa cha zimenezo.

Patatha sabata ndinagula mizu ya kava yopangira chakumwa chamwambo, ndinapita kwa abusa, ndinakhala pansi mwamwambo n'kupempha dzina lawo kuti likhale la mwana. Anakana kawiri.

"Iwe Waisale, ukufuna bambo ako andichotsenso kuti? Kwatsala kumwamba kokhatu!"

Kachitatu anaomba m'manja, nalandira. Kenako ndi pamene kalata yanu inafika, yoti mwanayu atenge dzina lanu la Sekove popeza ndi mdzukulu wamwamuna woyamba. Ndinaganiza zobwerera kukawapepesa, mwina akanandimasula. Ndinazengereza masiku asanu, tsiku lachisanu ndi chimodzi anagwa. Mwambowu mukuudziwa kuposa ine. Kava analandiridwa, ndipo woti andimasule kulibenso.

Chakudya sichikulowa, Bambo. Dzulo ndinatchetcha mzere umodzi kawiri osadziwa. Losalini akuti ndingokhala chete mpaka m'tchalitchi, chifukwa pamaso pa anthu simungakane. Ine ndakana, sindikufuna kukuchititsani manyazi chotero. Ndiye ndikuneneratu pano. Mbusa akadzafunsa dzina, ndidzayankha kuti Peniasi. Wachiwiri akadzakhala wamwamuna adzakhala Sekove, ndalonjeza.

Mukakwiya, kwiyirani ine. Mwanayu sanapemphe dzina kwa munthu. Ndikufuna adzanyamulidwe ndi agogo ake tsiku limenelo, monga agogo anandinyamulira ine. Sitima ya pa 20 mwezi uno ikamadzafika ku Savusavu ndidzakhala ndili padoko kuyambira m'mawa. Mukapanda kutsika, sindidzafunsanso, ndidzadziwa yankho lanu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mkeka wa mwana uja tikuudikira. Losalini akupereka moni, wayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Mdzukulu wanu akuyamwa bwino, ndipo chipumi ndi chanu chenicheni, aliyense akutero. Kunyumba kuno tayamba kale kumuitana.

Ine mwana wanu,
Waisale, bambo a Peniasi