Madontho a Dothi m'Damu la a Manijala

Joni
14 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kaya mwendo uja ukukuvutanibe m'mawa? Kaya mankhwala a magazi mukumwa, kapena mwayambanso kuwasunga m'kapu ya pakabati? Ine kuno ndili bwino, kupatula manja omwe asupuka ndi klorini. Amene akukuwerengerani kalatayi asalumphe mzere ngakhale umodzi, ndidzafunsa.

Ndiyambe ndi kukonza bodza limene lafika mpaka kuno. Ndamva kuti kwa Kapichi konse, kuyambira pachigayo mpaka pakhomo la tchalitchi, akunena kuti ine Teleza ndi amene ndinauza achimwene a Stafford zoti achite ndi damu losambiramo la a manijala a ku esiteti ya tiyi, mpaka ana anapsa maso. Akuti amalume a Yesaya anaonjezera kuti maphunziro a theka amapha. Amayi, ine sindinawauze achimwene kanthu. Palibe liwu ngakhale limodzi limene linachoka m'foni mwanga kupita kwa iwo mwezi wonse wa Seputembala. Atsegule foni yawo pamaso pa amalume, anthu aone.

Popeza aliyense akuifotokoza nkhaniyi m'mene akufunira, ndiloleni ndiifotokoze ine amene ndimadyera ntchito yomweyi. M'sitolo momwe ndimagwira, anthu amabwera ndi madzi a m'madamu awo, ine n'kuwayeza pH, ndiko kuti kuchuluka kwa asidi m'madzimo. Umatunga madzi m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala otchedwa phenol red, kenako n'kufananiza mtundu wake ndi tchati. Madzi akasanduka achikasu, asidi wachuluka. Akafiira ngati chidede, asidi wachepa, uonjezere. Akaoneka ngati papaya wakupsa, itana ana asambe. Ntchito yonse ndi imeneyi, ndipo achimwene aigwira zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa chimene chimasintha mtunduwo.

Madontho awo anatha chifukwa anasiya botolo losatseka, n'kutayikira m'kapinga. M'malo mouza adona, akazi a manijala, kuti agule ena ku Limbe, anaopa kukalipiridwa. Anapita kwa mnzawo Crispin, uja amayeza dothi m'minda ya tiyi, ndipo iye anawabwereka kabotolo ka kuntchito kwake. Akatswiri awiriwa anagwirizana kuti pH ndi pH basi, poti madontho onsewo ndi ofiira.

Amayi, inu mwathyola tiyi zaka makumi awiri, mukudziwa kuti pomwe tiyi amasangalala chimanga chimalira. Tiyi amakonda dothi la asidi wambiri, ndipo madontho a Crispin anawapangira dothi lotero. Ukawadonthezera m'madzi abwinobwino amafiiriratu ngati chidede. Achimwene anaona kufiirako, anayang'ana pa tchati cha padamu, n'kuganiza kuti asidi wachepa. Anathira asidi. Mawa lake anayezanso, kufiira komweko, anathiranso. Anachita zimenezi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, pamene kabotolo kanaonetsa papaya ankamufuna uja. Pofika pamenepo madziwo anali oyenera kubzalamo tiyi, osati kulowamo mwana wa munthu.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Loweruka linali phwando la kubadwa kwa Suwi, mwana wa a manijala, ndipo ana khumi ndi awiri analumphiramo. Ndamva kuti anatuluka akulira, maso ali psuu, khungu likuyabwa, ndipo Suwi anathamangira naye kuchipatala atamuphimba thaulo kumaso. Ndamvanso kuti achimwene anaima pambali atakweza kabotolo kawo m'mwamba, akuonetsa adona kuti mtundu uli bwinobwino. Ana aja ndawamvera chisoni. Koma za kabotolo m'mwambazo, ndikanakonda ndikanaziona ndi maso anga.

Tsopano ndifike pa uthenga umene munanditumizira kudzera kwa mng'ono wanga Tikondane. Mukuti ndilembere a manijala kalata yachingerezi, ndinene kuti ndine ndinasocheretsa achimwene, popeza ndili kutali ndipo palibe angandichotse ntchito. Mukuti mlandu ukambidwa pakutha kwa mwezi uno, ndipo akawachotsa, makiyi a nyumba ya kampani apereka pasanathe sabata ziwiri. Ndiye kuti anyamula mphika ndi ana atatu kupita kwawo kwa alamu a Hazel kwa Mphuka, kukakhala mkamwini wolima munda wa apongozi, chinthu chimene analumbira kuti sadzachita. Zonsezi ndazimva bwino.

Kalatayo sindilemba.

Mukukumbukira chaka changa chachitatu ku koleji? Kunatsala sabata zitatu kuti ndilembe mayeso pamene bambo anafa ziwalo. Amalume anakhala pa mpando wa bambo n'kulamula kuti pafunika mwana mmodzi wowasamalira. Ine ndinapempha sabata zitatu zokhazo, kuti achimwene ndi alamu agwirizire kaye. Achimwene anayankha kuti sangasiye damu la abwana chifukwa lingabiriwire. Inu munayang'ana pansi. Ndinatembenuza bambo, kuwasambitsa ndi kuwachapira chaka ndi theka mpaka tinawaika m'manda, ndipo malo anga ku koleji anatsekeka. Damu silinabiriwire. Pamaliro pomwepo achimwene ankandiloza kwa anzawo a ku esiteti kuti uyu ndiye pulofesa wathu wa digiri ya theka, anthu n'kumaseka mpunga uli m'kamwa.

Lero digiri ya theka yomweyo yafunika kuti isayine bodza. Iwo anasankha damu, ndiye damulo liwalembere kalata. Amalume ngati akufuna kuthandiza alembe okha, poti maphunziro awo ndi athunthu, anamaliza sitandade sikisi yonse. Koma musalole anthu aziwanena achimwene kuti safunsa anadya phula. Pa chimenecho chokha alibe mlandu.

Za kuno n'zochepa. Kwayamba kutentha, madamu a anthu abiriwira, ndipo Loweruka mzere umafika panja pa sitolo. Abwana anga sadziwa kusiyana kwa asidi ndi soda, ndiye kasitomala akafunsa funso lovuta amalowa kuseri kudzandinong'oneza, n'kutuluka ndi yankho langa ngati lawo. Denga la chipinda changa linkadontha chaka chatha, ndipo mwini nyumba akuti adikira mvula kuti aone pomwe pakudontha. Apolisi andiimitsa kawiri mwezi uno kufunsa mapepala. Kupatula apo, ndikudya ndipo ndikugona.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi yabuluu ya pansi pa bedi lanu muli makope anga a kemisitiri. Ndamva kuti alamu a Hazel akhala akung'amba masamba ake n'kumakulungira zitumbuwa pa geti la fakitale. Otsalawo mum'patse Tikondane awamange bwino, aperekedwe kwa dalaivala yemwe wabweretsa kalatayi, adutsanso Lachinayi. Kusiyana kwa madontho a dothi ndi a padamu ndinakulemba m'kope lachikuto chobiriwira, ndi cholembera chofiira. Ngati tsambalo mulibemo, ndiye kuti wina anadyerapo chitumbuwa.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi ana awo, kwa mng'ono wanga Tikondane ndi mwamuna wake, ndiponso kwa amalume a Yesaya, muwauze kuti mawu awo anafika osatayika panjira. Kwa alamu moni, ndipo bizinesi iyende. Ana a achimwene muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira, ndipo kwa Mphuka nakonso kuli sukulu. Achimwene eniakewo ali pompo, akumva okha.

Inu Amayi mudzisamale, mankhwala mumwe.

Ndine mwana wanu wa digiri ya theka,
Teleza

Ndinaiwala chimodzi. Lolemba lija m'mawa, asanathire asidi ngakhale kapu imodzi, achimwene ananditumizira chithunzi cha kabotolo ka Crispin, kufunsa ngati kangagwire ntchito padamu. Ndinachitsegula nthawi yomweyo, ndipo dzina la mankhwalawo linkawerengeka bwinobwino.