Madzi a mu Mgolo Wabuluu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Abambo m'thupi ali bwino, kungoti masiku ano sakuyankhula kwenikweni.

Za ng'ombe munamva kale pafoni, kuti pa zisanu ndi ziwiri zija zokamidwa zinafapo zinayi. Munamvanso kuti abambo achotsa ntchito a Chipewa, amene akhala akutikamira ng'ombe kuyambira ine ndisanayambe sukulu. Chimene simunamve ndi chimene ndikulemba pano. Pafoni ndinayesa, mawu anakana kutuluka.

Mukudziwa kuti chibwerereni ku yunivesite ndakhala ndikuwavutitsa abambo ndi nkhani ya chakudya cha ng'ombe m'chilimwe. Udzu ukauma mkaka umatsika, mpaka galimoto ya ku fakitale imangonyamula zitini ziwiri. Ndinawauza za njira ya mapesi: umawaduladula, umasungunula feteleza wa yuleya m'madzi, umawaza pamapesipo, n'kuwafundika pulasitiki m'dzenje kwa milungu itatu. Pofukula amakhala ofewa ndipo ng'ombe zimawadya bwino.

Abambo anaseka, amvekere ng'ombe si chimanga choti uzichithira feteleza. A Chipewa anayamba kunditcha "a Digiri", n'kumandifunsa ngati kusukuluko anatiphunzitsanso zoyankhula ndi ng'ombe ikaponda m'chidebe. Komabe dzenjelo anakumba ndi iwo omwewo.

Dzenje loyamba linayenda bwino. Mkaka unakwera moti woyeza mkaka wa ku fakitale anafunsa ngati tagula ng'ombe zina. Anzathu a m'bungwe la alimi a mkaka anayamba kubwera kudzaona, abambo n'kumawaperekeza okha mpaka padzenjepo. Kunena zoona, achimwene, kanali koyamba kuona kuti zimene ndinaphunzira zili ndi ntchito pakhomo pano.

Lachiwiri la sabata yatha ndinkakonza dzenje lachiwiri. Chidebe chimene ndimasungunuliramo yuleya chinali chitabooka, ndiye ndinatenga mgolo wabuluu uja wa pafupi ndi khola. Mukuukumbukira. Ndi umene timasungiramo madzi a ng'ombe, ndipo masana aliwonse a Chipewa amatungamo n'kukathira m'chomweramo. Sayang'ana n'komwe, chifukwa mumgolomo simunalowepo china chilichonse kupatula madzi.

Ndinadziuza kuti ndimaliza madzi onsewo n'kuutsuka a Chipewa asanabwere kuchokera kodula udzu. Koma mapesi anatha madzi atatsala pafupifupi theka. Nthawi yomweyo panafika amayi awiri a m'bungwe kudzafunsa za njirayi. Ndinapita nawo kudzenje loyamba kuseri kwa shedi, ndikufotokoza izi ndi izi, ndikunyadira poona anthu akuluakulu akundimvetsera. Mgolo uja ndinauiwala. Sindinauvindikire, sindinalembepo kanthu, sindinauze munthu.

Madzi a yuleya amaoneka ngati madzi ena onse.

Pobwerera ndinapeza Dona, ng'ombe ya abambo yapamtima ija, ikunjenjemera, dovu lili chuchuchu, mimba itafufuma. Zina zinkadzandira ngati zaledzera. Nditaona chomweramo chonyowa ndi mgolo wopanda kanthu, ndinadziwa. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga viniga, viniga wina n'kukagula pagolosale, tinayamba kuzimwetsa pamodzi ndi madzi ozizira ambiri. Zitatu zimene zinamwa pomalizira zinadzuka. Dona ndi zinzake zitatu zinafera m'manja mwathu dzuwa lisanapendeke.

Dokotala wa ziweto atafika anati ndi yuleya, ndipo amene anaganiza za viniga ndiye wapulumutsa zotsalazo. Abambo anandigwira paphewa pamaso pa anthu onse, nati sukulu ya mwana wawo sinapite pachabe. Palibe anafunsa kuti ndinadziwa bwanji mwamsanga chonchija, dokotala asanabwere.

Kenako abambo anafunsa amene anathira madzi m'chomweramo. A Chipewa anati ndi iwo. Abambo anangomaliza okha nkhaniyo, kuti ndiye kuti atungira chidebe cha feteleza poti maso ayamba kuwavuta, ndipo anawachenjezapo kale za ukalamba. A Chipewa anandiyang'ana kamodzi kokha. Anavula chipewa chawo chija, mutu umene sindinauonepo chibadwire uli poyera. Ine ndinali pomwepo, botolo la viniga lili m'manja.

Awapatsa mpaka Loweruka likudzali kuti atuluke m'kanyumba kaja ka kuseri kwa khola. Muli iwo, akazi awo ndi adzukulu atatu amene mwana wawo womwalira uja anasiya. Apita kale kwa alimi awiri kukafunsa ntchito. Wina anawayankha kuti ng'ombe zake akuzifunabe zamoyo.

Dzulo masana ndinapitako. Akazi awo ankamanga mbale m'nsalu, ndipo moni wanga sanauyankhe. A Chipewa ankazula misomali pakhoma n'kumaiwongola pamwala. Anandiuza kuti m'mawa wa tsiku lija anandiona ndili pamgolo, koma ankayesa ndikuwatungira madzi, mwakuti mumtima anandithokoza. Nditayamba kunena kuti ndikaulula, anandidula.

"A Digiri, ine ndakalamba, anthu andiiwala msanga. Inu mukanena, dzenje lija alikwirira, ndipo bambo anu sadzamveranso mwana. Nanga zitatu zatsalazo zidya chiyani chilimwe chino?"

Atatero anandiuza kuti ng'ombe yakuda ija ndiziikama nditaima kumanzere, chifukwa kumanja imamenya. Basi, anapitiriza misomali yawo.

Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri n'choti ndinachokako mtima utapepuka. Mawu awo ndinawatenga ngati chilolezo. Njira yonse ndinkadziuza kuti akunena zoona, kuti njira ya mapesi ndi yabwino, kuti ikhoza kuthandiza makola ambiri, ndipo ikafa chifukwa cha kuiwala kwanga kamodzi ndiye kuti tonse taluza. A m'bungwe andipempha kuti mwezi wamawa ndikaphunzitse alimi makumi atatu, ndipo abambo auza kale aliyense. Koma ndikaima pamaso pawo ndikanena chiyani za mgolo? Kuti azisamala ndi antchito okalamba?

Kawiri konse ndaima pakhomo pa chipinda cha abambo kuti ndinene. Ulendo woyamba ndinafunsa za mankhwala a nkhupakupa. Wachiwiri anandiyang'ana ndi maso otopa aja, nati pakhomo pano munthu amene atsala naye womudalira ndi ine. Ndinavomera ndi mutu n'kutuluka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lero ndi Lachitatu, ndipo kalatayi ndiijambula pafoni ndikutumizireni ndikangomaliza kulemba, ndisanasinthe maganizo. Lachisanu tikatha kukama m'mawa ndiwauza abambo zonse, ndiwapemphenso kuti tipitire limodzi kubungwe ndikanene ndekha pamaso pa anthu, kuti dzina la a Chipewa liyere. Koma ndimadzidziwa. Choncho inu muwaimbire abambo Lachisanu lomwelo nthawi ya teni m'mawa, muwafunse ngati ndawauza kanthu za mgolo wabuluu. Akati ayi, muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha mzere.

Musandiimbire ine kaye. Ndidzakupemphani kuti tidikire sabata ina, ndidzakhala ndi zifukwa zomveka bwino, ndipo inu chiyambire simunandikanizepo kanthu. Ulendo uno mundikanize. Sindikudziwa ngati abambo adzandikhululukire, kapena ngati dzenje lija lidzatsale. Koma Loweruka ana atatu aja asanyamule katundu chifukwa cha ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti amayi akuthokoza mafuta opaka miyendo aja. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Mulungu akusungeni nonse, akupatseninso mtima wolimba Lachisanu, ngati wanga utalephera.

Ndine,
Mlongo wanu wamng'ono