Chijasi cha Malemu Séverin

Paris, Januwale 1797

Okondedwa alamu anga a Anselme,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi akunyumba a Sidonie pamodzi ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kukuvutani? Ine ndili bwino m'thupi mokha. Mwana wanu Eulalie ndiye wagona, chibayo chamugwira.

Alamu, atsikana a mumzinda muno apenga. Chisiyireni boma kudula anthu mitu, angoti ufulu wafika mpaka pa zovala. Diresi lake ndi kansalu koyera kopyapyala, koti munthu n'kumuwerenga nthiti. Ena amachita kulinyowetsa dala kuti limatirire thupi. Kumapazi tinsapato ta zingwe, zala pamtunda, kunjaku madzi ataundana gwa m'mitsuko ndi kuzizira. Ndasoka zovala kuyambira utsikana wanga, koma izi sindinazionepo.

Eulalie sanalekere pomwepo. Anameta tsitsi la pankhongo, monga ankawametera anthu asanawagoneke pansi pa chimpeni chodulira mitu chija, n'kumanga kansalu kofiira m'khosi. Kuli gule wina amene amalowako okhawo amene abale awo anadulidwa. Akuti popatsana moni amagwetsa mutu mwadzidzidzi. Mwamva, alamu? Mmene unagwera mutu wa achimwene anu a Séverin!

Ndinamukalipira koopsa. Ndinamunena kuti alibe manyazi, akuyenda maliseche n'kumaseweretsa imfa ya bambo ake. Iye sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti manda a bambo ake ali kuti, akalirepo. Anandikumbutsa kuti tsiku lija sitinavale zakuda, tinatseka mawindo n'kulira chamumtima poopa kuti oyandikana nafe angakatinenere. Akuti kansaluko ndiko maliro ake.

Tsopano akutsokomola mpaka kupindika. Dokotala wanena kuti akapanda kufunda sitifika naye nyengo yotentha, ndipo ine mantha andigwira. Koma mwanayu ndi bambo ake enieni, mutu ngwouma. Ndamusokera malaya a ubweya wa nkhosa, wawakankhira pansi. Bulangete amalola akagona basi, kukacha ali pawindo ndi kadiresi kake kaja. Akuti bambo ake anakwezedwa pa ngolo yopita nawo kokadulidwa mutu ndi shati yokha, kukuzizira chonchi, ndiye iye afundirenji?

Dzulo ndinamugwadira, ine mayi ake womubala. Ndinamufunsa kuti n'chiyani chimene angalole kuvala. Anati chijasi cha bambo ake chokha, chija cha chigamba pachigongono.

Ndikudziwa kuti chijasicho munachitenga kuti muzikumbukira mbale wanu, ndipo ndinakupatsani ndi mtima wonse. Manyazi akundigwira kuchipemphanso. Koma mwamuna ndinataya kale, kalanga ine, nditayenso mwana? Chonde, mpatsireni woyendetsa ngolo ya makalata imene iyambe kunyamuka, musadikire yachiwiri.

Mundiperekere moni kwa ana onse ndi kwa a Sidonie. Iwowo muwauze mawu awa, poti ndikuwadziwa ndi ukhondo wawo: asachichape. Fungo la fodya wa a Séverin likhale momwemo. Ndi limene mwanayu akufuna kufunda.

Mulungu akusungeni nonse kufikira tidzaonane.

Ndine mlamu wanu,
Perrine